Mkazi Mnzanga wa ku Denmark

Ku Mtendere, Loweruka lina la mwezi wa July. Mphepo ya Lusaka ikuulutsa fumbi ndi timapepala mumsewu. Ambuya akhala pamphasa pakhonde, majuzi awiri pathupi, duku kumutu, akusadzula nkhwani m'lichero. Pambali pawo mbaula ikufuka. Pa kageti ka malata patulukira mdzukulu wawo, uja anamaliza ku UNZA n'kupita ku Copenhagen zaka ziwiri kukawonjezera maphunziro a za madzi. Wavala malaya a manja aafupi, ndipo asanaodire wayamba wayang'ana wotchi.

MDZUKULU: Odi kuno!

AMBUYA: Odini. Ndinu a khonsolo kapena a chipatala?

MDZUKULU: Ndine, Ambuya. Mwandiiwala kale?

AMBUYA: Mphunoyo sindingaiiwale, ndi yakwathu. Chimene chikundisokoneza ndi uthenga uja unabwera pa foni Lachiwiri. Anandiwerengera mwana wa amake mapasa. Akuti, "Ambuya, kodi Loweruka 2 koloko muli ndi mpata kuti ndidzakuoneni?" Mpata! Masiku anayi ine osagona tulo. Ndinati mwina kwagwa maliro akuopa kundiuza pa foni. Ndinati mwina wapereka mimba kwa mwana wa eni. Munthu sapempha mpata kwa ambuya ake popanda mlandu.

MDZUKULU: Ndimaopa kukusokonezani pa zochita zanu.

AMBUYA: Zochita zanga ndi zimene ukuzionazi, nkhwani. Khalani pansi, amuna anga, mundipatse moni ngati munthu wobadwa.

Mnyamata akunjuta, akuomba m'manja. Moni wa Ambuya ndi wautali: bondo lamanzere, msana, mtengo wa makala, mbuzi ya ku Katete imene inadyedwa ndi fisi, ndi mayi wina wa kutchalitchi amene sakudzukanso. Atamaliza akumupenyetsetsa.

AMBUYA: Kumene unaliko moni amapereka bwanji?

MDZUKULU: Amangoti hej.

AMBUYA: Hei? Ngati ukuingitsa nkhuku pa chimanga?

MDZUKULU: Potsanzikana amati hej hej.

AMBUYA: Ndiye kuti nkhuku zakhala ziwiri.

MDZUKULU: Sabata yoyamba ndinakwera basi n'kupereka moni kwa mayi amene ndinakhala naye pafupi. Anakumbatira chikwama chake. Basi yodzaza, koma zii, ngati muli m'kalasi ya mayeso. Palibe kondakitala wokuwa, palibe mlaliki, palibe wokufunsa kuti kwanu n'kuti. Tsiku lina ndinafunsa mnyamata wa chipinda choyandikana nane kuti uli bwanji, ine ndikungodutsa. Anaima, n'kuyamba kundifotokozera za kutha kwa ukwati wa makolo ake, theka la ola lathunthu. Kumeneko ukafunsa munthu kuti uli bwanji amayesa ukufunadi kudziwa.

AMBUYA: Ameneyo ndiye munthu. Nanga umafunsiranji ngati sufuna kumva?

MDZUKULU: Za mpatazi ndinazitengera komweko. Ndinauza mnzanga wa m'kalasi kuti tsiku lina ndidzakuzonda kwanu. Anatulutsa foni n'kuyamba kusanthula kalendala. Kwawoko masabata a chaka ali ndi manambala, kuyambira 1 kukafika 52. Akuti, "Sabata 42 ayi, ndi holide ya ana asukulu, tikupita kwa makolo. Sabata 43 Lachinayi 6 koloko madzulo zitheka." Nthawi imeneyo tili m'sabata 38.

AMBUYA: Mwezi wathunthu kudikira kapu ya tiyi?

MDZUKULU: Ndipo ukati 6 koloko ndi 6 koloko. Ine ndinafika 7 koloko itadutsa, ndikuyenda mwaulemu ngati mlendo. Ndinapeza mbatata zazizira, mayi wa pakhomo nkhope ili gwaa. Ulendo wachiwiri ndinati ndikonze, ndinafika theka la ola nthawi isanakwane. Nakonso kunali kulakwa. Ndinazungulira nyumba ija m'chisanu ngati wakuba mpaka nthawi itakwana.

AMBUYA: Nanga mchere ukakuthera ndiwo zili pamoto? Ukabwereka sabata 43?

MDZUKULU: Umadya zopanda mchere.

AMBUYA: Ife timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwa anzathuwo mlendo ndi malipiro, amafika pa tsiku lolembedwa.

MDZUKULU: Koma n'zabwino mbali ina, Ambuya. Ndimawerenga popanda wondigogodera.

AMBUYA: Ndi manda okha kumene sagogoda. Aphunzitsi ako anakulandira bwino?

MDZUKULU: Tsiku loyamba ndinati, "Bwana Pulofesa." Bambo waimvi uja anacheuka kumbuyo kuona ngati walowa wina. Akuti ndizimutchula dzina lake loyamba. M'chilankhulo chawo "inu" waulemu alimo, koma anamupachika kalekale, amamutsitsira a kunyumba yachifumu ndi nkhalamba zina. Ena onse ndi "iwe". Dokotala ndi iwe, nduna ndi iwe.

AMBUYA: Apongozi?

MDZUKULU: Iwe. Ndipo amakumbatirana.

AMBUYA: Mayi wanga ine! Bambo ako akhala mkamwini wanga zaka makumi atatu, sindinaonepo m'kamwa mwawo akutafuna. Ukadzayesa kundiyankhula kuti iwe, mthiko uwu ukudziwa ntchito yake. Ndipo bwanji wavala ngati October? Sukumva kuzizira?

MDZUKULU: Uku si kuzizira, Ambuya. Kumene ndinaliko madzi amauma pamsewu. Koma chimene chinandigonjetsa ndi mdima. Mu December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa, 4 koloko isanakwane lalowa. Ndipo kutuluka kwake n'kwa dzina chabe, limangozembera kuseri kwa mitambo ngati munthu wa ngongole. Ndimapita ku sukulu usiku, kubwerako usiku. Mu June zimatembenuka: 10 koloko usiku kukadali mbee, 4 koloko m'mawa kwacha.

AMBUYA: Atambala akumeneko ayenera kuti ndi amisala.

MDZUKULU: Dokotala anandiuza kuti ndizimwa mapiritsi a vitamini D, poti khungu lakuda silipeza dzuwa lokwanira.

AMBUYA: Dikira. Unasiya dzuwa laulere pano, kukagula dzuwa la m'botolo?

MDZUKULU: Eni ake mdimawo anaupezera mankhwala. Amautcha hygge.

AMBUYA: Chikuku?

MDZUKULU: Hygge. Umazimitsa magetsi, n'kuyatsa makandulo, n'kufunda bulangete, muli anthu atatu kapena anayi, mukumwa chotentha, mukucheza pang'onopang'ono. Amati mtima umakhala m'malo. Alendo amachoka kutali kudzaona zimenezi, mabuku analembedwa.

Ambuya asiya lichero. Akuseka mpaka kutsokomola.

AMBUYA: Mwana iwe! Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, ife kuno tinachita chikukucho tsiku ndi tsiku. Kandulo, bulangete, mbaula pakati, anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Bwanji sanabwere kudzatijambula? Magetsi ali nawo, n'kumazimitsa dala?

MDZUKULU: Dala.

AMBUYA: Kukhuta n'koipa.

MDZUKULU: Mukanaona njinga. Mu Copenhagen njinga n'zochuluka kuposa galimoto, zili ndi misewu yake ndi maloboti ake. Aphungu a nyumba ya malamulo amapalasa, amayi amanyamula ana awiri m'bokosi la kutsogolo. Dziko lake n'lathyathyathya, phiri lawo lalitali silipitirira mamita 171.

AMBUYA: Chimenecho ndi chulu. Phiri la Mphangwe likhoza kuchiika m'thumba. Ndiye wakwera ndege mpaka ku Addis Ababa, n'kukweranso ina, kukafika ku Chipata? Njinga tinaziona ife, za Eagle zija ankapanga ku Chipata konko. Malemu ambuya ako aamuna anandinyamula pa kaliyala kuchoka ku Katete mpaka ku Chadiza, ndili ndi pakati pa mayi ako.

MDZUKULU: Chimene simunachione ndi ichi. Mayi amafika pa lesitilanti, n'kusiya khanda lili m'tulo m'kangolo kake panja, iye n'kulowa kukamwa khofi. Amati mpweya wozizira umagonetsa mwana bwino.

AMBUYA: Panja? Pamsewu? Alibe chitenje?

MDZUKULU: Ndipo kumidzi mlimi amaika mbatata ndi mazira patebulo m'mbali mwa msewu, pambali kabokosi ka ndalama, iye n'kupita kumunda. Wogula amatenga, n'kusiya ndalama yekha.

AMBUYA: Tebulolo amalipezanso? Pa msika wa Mtendere ukangoyetsemula tomato mmodzi wapita. Ndiye kulibe akuba?

MDZUKULU: Njinga yanga anaba. Mwezi wachitatu.

AMBUYA: Ehee! Mtima wanga wakhala pansi. Ndimayesa unali kwa angelo. Mwana amasiya panja osamanga, njinga ndiyo amakhoma ndi loko. Amadziwa chimene chili ndi msika.

Madzi a nsima ayamba kulira mumphika. Ambuya akuthira ufa pang'ono, akuvundula, maso ali pa mikono ya mnyamata.

AMBUYA: Waonda. Amakupatsa chiyani?

MDZUKULU: Masana amadya zozizira. Buledi wakuda wotchedwa rugbrød, wowawasa, wolemera ngati njerwa. Pamwamba amapakapo chiwindi cha nkhumba chopera ngati chiponde, kapena nsomba zoviika mu viniga ndi shuga.

AMBUYA: Nsomba ya shuga. Pitiriza, ndikumva.

MDZUKULU: Nkhumba ndiye musanene. Anthu alipo pafupifupi 6 miliyoni, nkhumba zikuyandikira kuwirikiza kawiri.

AMBUYA: Pamenepo ndiye ndi abale athu a kum'mawa. Mbewa?

MDZUKULU: Sadya.

AMBUYA: Bola sadya anyani ngati Abemba. Nsima?

MDZUKULU: Miyezi iwiri yoyamba sindinaione. Kunyumba ya ana asukulu kumene ndimakhala tinali anthu khumi ndi awiri khitchini imodzi. Mu firiji aliyense ali ndi malo ake olembedwa nambala ya chipinda. Munthu amaphika kamphika kake, n'kukhala moyang'anana nawe, n'kudya mpaka kupukuta mbale, osanena kuti bwera tidye.

AMBUYA: Iwe ukumuona?

MDZUKULU: Tikucheza bwinobwino.

AMBUYA: Chakudyacho chimatsika?

MDZUKULU: Chimatsika. Ine ndinalephera. Tsiku lina ndaphika mpunga ndi nkhuku, ndinauza mtsikana wina kuti tiye tidye. Anadya, nati tak for mad, ndiko kuti zikomo chifukwa cha chakudya. Mawu amenewo sawaiwala, ngakhale kamwana kamanena kasanachoke patebulo. Koma usiku womwewo foni yanga inalira. Wanditumizira ndalama pa MobilePay, theka la mtengo wa nkhuku.

AMBUYA: Anakusandutsa mayi wa pa kantini.

MDZUKULU: Kenaka ndinadziwa kuti Lachitatu lililonse amadyera pamodzi, kuphika mosinthana. Itafika nthawi yanga ndinati lero aona. Ufa woyera sindinkadziwa kougula, m'sitolo ndinapeza wachikasu wokhakhala umene Ataliyana amaphikira phala lawo.

AMBUYA: Wachikasu! Uja tinadya pa chilala cha 1992? Tinkadya titatseka chitseko chifukwa cha manyazi, iwe ukukadyetsa alendo?

MDZUKULU: Anaukonda. Koma anadya ndi mpeni ndi foloko, kudula nsima ngati keke. Wina anapakapo batala. Wina anafunsa ngati yotsala angadye m'mawa ndi jamu. Pambuyo pake ndinapeza ufa weniweni m'masitolo a anthu obwera ku Nørrebro, ndinawaphunzitsa kutema mbamu ndi kuumba ndi dzanja. Tsiku limenelo ndinagula nkhuku yootcha, tinakadyera kumanda.

Mthiko waima.

AMBUYA: Bwereza.

MDZUKULU: Ku Nørrebro kuli manda otchedwa Assistens, kumene anaikidwa Hans Christian Andersen, mkulu uja wa nthano za ana. Muli mitengo ndi kapinga wokongola. Dzuwa likawala anthu amayala nsalu pakati pa ziliza, kudya, kuwerenga, ena kuvula malaya n'kuothera.

AMBUYA: Ndipo iwe unadya.

MDZUKULU: Ntchafu imodzi yokha.

AMBUYA: Nyama! Kumanda! Ndimadziwa kuti ndiwe mdzukulu, koma sindimadziwa kuti ndiwe mdzukulu wa kumanda. Ngakhale adzukulu okumba aja amayamba asamba asanagwire mbale. Ku manda a Chingwere ungakayale chitenje n'kumatafuna ntchafu? Kwathu odya kumanda ali ndi dzina lawo, ndipo sayenda masana.

MDZUKULU: Iwo za ufiti sakhulupirira.

AMBUYA: Amatero onse.

MDZUKULU: Ngakhale kuti pa 23 June madzulo amasonkha moto waukulu m'mbali mwa nyanja, n'kuikapo chidole cha mfiti, n'kuchiwotcha akuimba.

AMBUYA: Ona! Azungu anabwera kuno n'kutiikira lamulo loti ukatchula mnzako mfiti ukamangidwa. Kwawo akuwotcha mfiti chaka ndi chaka, ndi nyimbo. Chidolecho chimaoneka bwanji?

MDZUKULU: Ngati mayi wokalamba, wa duku.

AMBUYA: Basi. Kulikonse mfiti ndi nkhalamba yaikazi ya duku. Usadzanditengereko mu June.

Kwa kanthawi kukungomveka mthiko ukugunda mphika. Ana a pa nyumba yoyandikana akusuzumira pa mpanda, akufuna kuona ngati wa ku Ulaya wayera.

AMBUYA: Tsono mumdima monsemo, wopanda wokugogodera, unalibe ndi mmodzi yemwe wokufunsa ngati wadzuka?

MDZUKULU: Mpaka January ndinalibe. Lamlungu lina ndinazindikira kuti chiyambire Lachisanu sindinatsegule pakamwa kuyankhula ndi munthu. Ndinayatsa wailesi kuti ndimve mawu, chinenero chake osachimva.

AMBUYA: Pa foni unkati zonse zili bwino.

MDZUKULU: Ndikanati chiyani? Anandipulumutsa ndi jekete yanu ija.

AMBUYA: Ya buluu ija ndinakugulira pa salaula ku Soweto? Ndinalimbana naye mnyamata uja mpaka anachotsa 30 kwacha.

MDZUKULU: Kumsana kwake kunali mawu amene tonse tinalephera kuwerenga. Chinali Chidanishi. Kumeneko m'misewu muli mabokosi aakulu oponyamo zovala zimene atopa nazo, zina ndi zimene zimafika kuno m'mabelo. Jekete ija inangobwerera kwawo, ine ndinali wonyamula chabe.

AMBUYA: Ndiye inalembedwa chiyani?

MDZUKULU: Dzina la kalabu ya anthu osambira m'nyanja nthawi yachisanu. Ndili m'basi ndinangomva wina akundigwira phewa, koyamba chifikire. Mayi wachikulire, zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Akuti malemu amuna ake anali a kalabu imeneyo, anali ndi jekete yotero, ndipo atamwalira anakaiponya m'bokosi.

AMBUYA: Mayooo! Unavala jekete ya malemu pamaso pa mkazi wake?

MDZUKULU: Majekete otero analipo ambiri, Ambuya.

AMBUYA: Ndi yomweyo. Wavala malaya a mwamuna, mkazi wakugwira phewa. Kwathu kumeneko ndi kulowa chokolo. Ndiye ndili ndi mkazi mnzanga ku Denmark, ine osauzidwa?

MDZUKULU: Anangondiitana kukasambira.

AMBUYA: Mwamva anthu inu? Kukasambira!

MDZUKULU: M'nyanja, mu January, 7 koloko m'mawa kukadali mdima. Madzi ake ngati singano. Ndinalowa mpaka m'chiuno, ndinakuwa dzina lanu. Iye akusambira phee ngati bakha. Mukatuluka mumathamangira m'kanyumba ka matabwa kotentha ngati uvuni, mpaka thukuta kamukamu.

AMBUYA: Kufukiza kumeneko. Tinkachita nthawi ya korona ndi masamba a bulugamu, inu ophunzira mukutiseka. Tsono mkazi mnzangayo amakhala ndi ndani?

MDZUKULU: Yekha. Zipinda zinayi.

AMBUYA: Ndi wosabereka?

MDZUKULU: Ana atatu, adzukulu asanu ndi awiri. Wina ali ku Aarhus, wina ku Odense, wina mumzinda momwemo. Amabwera pa Khirisimasi ndi pa tsiku lake lobadwa, ndi masiku ena olembedwa pa kalendala ya pa firiji.

AMBUYA: Akadwala amamuphikira phala ndani?

MDZUKULU: Boma limatumiza munthu kudzamusambitsa ndi kumukonzera m'nyumba. Akafooka kwambiri kuli nyumba zosungira okalamba. N'chifukwa chake msonkho wawo ndi wowawa. Pa katundu wa m'sitolo amawonjezerapo 25 peresenti, kuno ndi 16, osanena za pa malipiro. Koma chipatala salipira, yunivesite mwana wa dzikolo salipira, boma limamupatsanso ndalama mwezi ndi mwezi kuti aziphunzira.

AMBUYA: Ndiye kuti mdzukulu wake ndi boma.

MDZUKULU: Iye amati safuna kulemetsa ana ake. Amanyadira zimenezo.

AMBUYA: Ine ndinakulemetsani liti? Ndimangokutumani. Kali kokha n'kanyama, mwana iwe.

MDZUKULU: Ku Kanyama ndiye kulibe wokhala yekha.

AMBUYA: Usandiseke. Koma zoti munthu amabwera kudzakusambitsa, osayamba wakufunsa za pepala la nyumba, zimenezo ndazikonda. Amake mapasa ana awo asanu ali momuno mu Lusaka, koma madzi amatunga okha.

MDZUKULU: Lachisanu lililonse ndinkapita kwa mayi uja. Iye kundiphunzitsa chinenero, ine kumuphikira. Sabata yachinayi anandiuza kuti iwe usamaimbe foni, uzingobwera. Anandipatsa ndi kiyi. Anzanga a m'kalasi atamva anati zaka zonse akhala m'dzikomo sanamvepo zotere. Anthu aja kutsegula amachedwa, Ambuya, koma akatsegula satsekanso.

AMBUYA: Kiyi. Ine wa geti iyi sunandipemphepo.

MDZUKULU: Geti yanu ilibe loko. Mayi uja ndi amene anapita nane pa 14 January 2024 kukaima m'chikhamu pa Christiansborg, tsiku limene Mfumukazi Margrethe inatula pansi ufumu patatha zaka 52, n'kusiyira mwana wake Frederik.

AMBUYA: Kutula ufumu ili moyo? Ufumu ndi ntchito ya ku khonsolo? Ukapite ku Mkaika pa Kulamba mwezi wamawa ukanene zimenezo. Koma poti walowa ndi mwana wa mkazi, pamenepo achita mwa Chichewa. Wobadwa kwa mkazi sakayikitsa.

MDZUKULU: Anandionetsanso buku la mayi wina wobadwira ku Denmark, Karen Tranberg Hansen, amene anayamba kufufuza za moyo wa muno mu Mtendere mu 1971. Buku lake la Keeping House in Lusaka linatuluka mu 1997, lina la salaula mu 2000. Ndinawerenga za komboni yathu ndili pa mpando wa ku Copenhagen.

AMBUYA: A makope ndi mapensulo tinawaona nthawi ya Kaunda, kufunsa kuti mumadya kangati, amuna anu amakupatsani zingati. Tinkawayalira mphasa osawafunsa nambala ya sabata. Ndiye iwo anaphunzira kungofika, iwe waphunzira kupempha mpata. Mwasinthana. Tsono pakati pa atsikana onse a njinga aja, unangopeza wa zaka makumi asanu ndi atatu? Zaka zako ndi zingati tsopano?

MDZUKULU: Makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Musayambe, Ambuya, anandilanga kale. Kumeneko ukakwanitsa zaka 25 usanakwatire, anzako amakumangirira pa mtengo n'kukuthira sinamoni, ufa wonunkhira uja wa m'makeke, thupi lonse. Anzanga atamva kuti ndinadutsa 25 popanda mwambowo, anandichita mochedwa.

AMBUYA: Amenewo ndiwo anthu anzeru! Mbeta ndi mbeta kulikonse. Ukafika makumi atatu?

MDZUKULU: Tsabola.

AMBUYA: Ndiyamba kusunga. Wa kambuzi.

Nsima yapsa. Ambuya akuomolera m'mbale, mitanda inayi ya mnyamata, umodzi wawo. Iye akutsegula chikwama, akutulutsa kandulo yoyera yonenepa ndi kapaketi.

MDZUKULU: Mayi uja wakutumizirani izi. Akuti mupereke kwa mwini wake wa mnyamatayu.

AMBUYA: Anatero? Mwini wake? Ali ndi mwambo mayiyu. Kandulo ndalandira, ya chikuku cha usiku uno. Izi zakudazi n'chiyani, manyi a mbuzi?

MDZUKULU: Switi. Amazitcha lakrids. Ana akumeneko amalirira zimenezi.

Ambuya aponya imodzi m'kamwa. Nkhope ikusintha pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi. Akulavulira kuseri kwa mbaula.

AMBUYA: Mchere! Switi ya mchere, kununkha ngati mankhwala a chifuwa! Nsomba athira shuga, switi athira mchere. Ndinanena ine kuti mkazi mnzako sakupatsa chabwino. Akufuna ndife kuti akutenge.

MDZUKULU: Imakoma ukazolowera.

AMBUYA: Ndi mmene amanenera a kachasu. Komabe mbale sibwerera yopanda kanthu. Umutumizire nsinjiro, chitenje changa cha Chigwirizano chija chatsopano, ndi kapenta wa ku Siavonga aone mmene nsomba imakhalira. Ndipo muimbire, ndimulankhule.

MDZUKULU: Panopa? Sindinamuuze. Ndimulembere kaye uthenga, mwina Lachiwiri...

AMBUYA: Munthu wa zipinda zinayi ali yekha, akutanganidwa ndi chiyani? Imba. Ndikufuna ndimuuze kuti jekete ija ndinagula ndi ndalama zanga, chokolo chimenecho sichinadutse kwa ankhoswe.

MDZUKULU: Chichewa samva.

AMBUYA: Ndidzati hei. Akayankha ndidzati hei hei.

Foni isanayambe kuitana, kageti ka malata kakulira. Mawu a mayi akumveka: "Odi kuno! Tamva kuti kwabwera a ku Ulaya!" Kumbuyo kwawo kuli mapasa, ndi mwana wa mapasa, ndi mlamu wina amene palibe akumudziwa. Mnyamata akuyang'ana mitanda isanu ija, kenaka wotchi.

AMBUYA: Amake mapasa. Mphuno yawo imamva nsima ali ku Kalingalinga. Bisa wotchiyo, katenge madzi osamba m'manja. Lowani, lowani, mwapeza tikuyamba kumene! Iwe, paketi ija ili kuti? Uyambe wawapatsa switi za ku Denmark, ziwiriziwiri.